Atelala ndi Jekete la Nkhuku

Atelala ankakhulupirira chinthu chimodzi moyo wawo wonse, chakuti mavuto ambiri a munthu amayambira pa chovala chosokedwa mwachisawawa. Munthu akabwera n'kumadandaula kuti amuchotsa ntchito, iwo makutu sankatchera kwenikweni. Maso awo ankakhala pa mapewa a jekete lake. Akatha kudandaulako, ankangomuuza kuti, "Ndi mapewa akugwa chonchiwa, achimwene, ngakhale ine ndikanakuchotsani." Wina akati mkazi wamuthawa, iwo ankayang'ana thalauza n'kupukusa mutu. Chopweteka n'chakuti nthawi zina ankalasa ndithu.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, kogundizana ndi nyumba yawo yomwe. Khomo lakumaso linali la makasitomala. Lakumbuyo linkatulukira pabwalo pomwe akazi awo ankachapira ndi kuphikira. M'kachipindamo munali makina opalasa ndi mapazi, omwe anawagula asanakwatire n'komwe, tebulo lodulirapo nsalu, simbi ya makala, chitini cha mabatani, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi dengu la zidutswa za nsalu. Tepi yoyezera inkakhala m'khosi mwawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ngakhale ku ukwati wa mwana wawo wamkazi anapita nayo, ndipo pa zithunzi zonse ikuoneka italendewera pamwamba pa taye.

Kale pakhomo limeneli pankakhala mzere. Masuti a akwati, madiresi a aphunzitsi, mayunifolomu a ana asukulu, zonse zinkadutsa pansi pa singano yawo, ndipo munthu ankadikira milungu itatu osadandaula. Kenako kunabwera zovala za kaunjika ndi zina zotchipa za m'masitolo, zosokedwa ndi ulusi wonga wa kangaude, anthu n'kuthamangira komweko. Atelala anatsala ndi ntchito yomwe ankaida ndi mtima wonse: kusintha mazipi akufa ndi kupinda miyendo ya mathalauza a anthu aafupi ogula zovala za anthu aatali. Masiku ena ngakhale zipiyo sinkabwera. Tangoganizani, munthu wa zaka makumi anayi pa makina kumakhala tsiku lonse akuyang'ana msewu ngati mlonda! Ana anali atakula n'kubalalika. Akazi awo sanali munthu wocheza masana, ankati kucheza kumapsereza mapoto. Atelala anasungulumwa kwambiri, koma sanauze munthu.

Ndiye m'mawa wina kukugwa mvula, kamwanapiye kanalowa pakhomo lakumbuyo kali chinyowere, kakunjenjemera. Mwini wake sanadziwike mpaka lero. Kanayenda molunjika ngati kanapanganatu ndi munthu, n'kukalowa m'dengu la zidutswa lija. Akazi awo anakayang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti sikafika madzulo. Mayiwa anagwirapo ntchito yophika pasukulu ina zaka zambiri, choncho nkhuku ankaidziwa ndi dzanja, osati ndi dzina. Koma Atelala anakapukuta kamwanapiyeko ndi kansalu n'kukaika m'thumba la malaya awo, ndipo kanakhala momwemo mlungu wathunthu kakusuzumira anthu odzasinthitsa mazipi.

Sikanafe. Kanakula n'kukhala thadzi lalikulu lofiirira, lotukumula chifuwa, loyenda mwachifatse ngati mkazi wa bwana akusankha nsalu. Atelala analitcha Adona, ndipo ankaliyankhula ndi ulemu wonse. "Adona adzuka bwanji?" "Adona asunthe pang'ono, akhalira sizasi." Akazi awo ankangoti "nkhuku yanuyo."

"Ine zaka zonsezi simunanditchulepo dona," ankatero mayiwo.

"Inu ndinu mayi a nyumba, mpando wanu ndi wapamwamba."

"Wapamwamba kuposa wa nkhuku? Zikomo kwambiri, bambo, mwandikweza."

M'mawa uliwonse Atelala akamatsegula shopu, Adona ndiwo ankayamba kulowa. Ankapita kaye pagalasi n'kujompha kawiri nkhuku inzawo ya m'galasimo, yomwe sanamvane nayo zaka zonse. Kenako ankakwera m'dengu, n'kusankha zidutswa za ubweya zokhazokha, za nayiloni ayi, ndipo cha m'ma teni ankaikira dzira n'kulengeza msewu wonse. Nthawi ya tiyi Atelala ankaviika buledi m'kapu, chidutswa ichi chawo, ichi cha Adona. Nkhani zonse ankawauza: za makolala a masiku ano, za mawondo awo, za mwana wawo wamwamuna yemwe saimba foni. Adona sankatsutsa. Ankangopendeketsa mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi, ndipo Atelala ankati palibe kasitomala amene anawamvetserapo chonchi.

Chaka chachitatu, nyengo yozizira itangoyamba, Atelala anapeza nthenga zitatu pansi pa makina. Mawa lake zinali khumi. Mlungu usanathe, tsache la akazi awo linkatuluka m'shopumo lili ndi ndevu. Dzira linasiya. Khosi la Adona linayamba kuonekera, lofiira ndi lowonda, kenako msana, kenako mchira wonse unathothoka tsiku limodzi n'kutsala kachitsa. Zaka zam'mbuyo nthenga zinkachoka pang'onopang'ono osadziwika. Chaka chimenechi Adona anavula pafupifupi zonse, anangotsala ndi zam'mapiko ndi tina tapamutu.

"N'zanyengo izi," anatero akazi awo. "Nkhuku zimatero. Zimera zina, musatisokose."

Mwina akanamvera, pakanapanda wometa. Ameneyu anali ndi shopu pakhomo loyandikana nalo, bambo wamimba, woseka mpaka kutsokomola. Anasuzumira m'mawa wina, anaona Adona, ndipo anagwira chitseko kuti asagwe.

"Akuluakulu, Adona mwakawametetsa kuti? Chonde musamauze anthu kuti ndi kwa ine, mungandithawitsire makasitomala!"

Mawu amenewo anawalowa Atelala mpaka m'mafupa. Anayang'ana Adona ataima pakati pa shopu, atadzikunga ndi kamphepo kolowera pakhomo, ndipo chimene anaona si nkhuku yosintha nthenga ayi. Anaona kasitomala wamaliseche. Telala akaona wamaliseche pali chinthu chimodzi chokha chomwe amadziwa kuchita. Anavula tepi m'khosi. Chifuwa chinali mainchesi 14, ndipo nambalayo anailemba ndi choko kuseri kwa chitseko, pomwe ankalemba miyezo ya anthu kale.

Jekete limenelo, abale, ngakhale wodana nawo akanaliyamikira. Analisoka masiku atatu, magalasi ali pamphuno, lilime lili panja. Nsalu yake inali ya ubweya wotuwa, yotsala pa suti ya mkulu wina wa banki yomwe anasoka zaka khumi zapitazo. M'kati anaikamo nsalu yofiira yoterera. Linali ndi mabowo awiri otulukira mapiko, opendera ndi dzanja, mabatani atatu kumsana, ndi kakolala koimirira. Kumanzere kunali kathumba.

"Thumbalo aziikamo chiyani?" anafunsa akazi awo. "Makiyi?"

"Jekete lopanda thumba si jekete, mayi. Ndi thaulo."

Atawaveka, Adona anaima nji ngati aumitsidwa. Kenako anayamba kuyenda chambuyo, chambuyo, mpaka anakagunda chitini cha mabatani n'kugwa chammbali, miyendo m'mwamba. Atelala anawadzutsa n'kuwawongola kolala. Anati suti yatsopano ndi choncho, aliyense amayenda mwachilendo tsiku loyamba.

Mbiri inathamanga. Wometa ankati akamaliza kumeta munthu, ankamukokera pakhomo kuti adzaone. Amayi ochokera kumsika ankatula madengu pakhonde n'kuseka mpaka misozi. Mafoni anajambula Adona kumaso, kumbuyo ndi kumbali. Ndipo ena mwa osekawo ankati akayang'anitsitsa kasokedwe ka kolala ankasiya kuseka, n'kufunsa ngati Atelala angawasokere jekete lotere la munthu. Mlungu umodzi wokha kunabwera masuti awiri. Makina analiranso ngati kale. Atelala anasangalala, anasangalala zenizeni, moti ankaimba mluzu akusita, chinthu chomwe akazi awo anali asanachimve zaka zambiri.

Panali kavuto kamodzi kokha. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, panali kadzenje ka fumbi komwe Adona ankakonda kugubudukamo masana. Tsiku lachiwiri Atelala anawapeza akulunjika komweko, jekete lili m'thupi. Anathamanga, mawondo aja n'kuiwalika.

"Adona! Adona! Ubweya umenewo suchapidwa ndi madzi!"

Kuyambira tsiku limenelo khomo lakumbuyo linkakhala lotseka. Adona ankaswera m'shopu, pa simenti yosesedwa bwino, oyera ngati mlendo. Ankaima pakhomopo n'kumajompha thabwa, Atelala n'kumawauza kuti munthu wovala bwino sakhala pansi.

Patatha mlungu jekete linayamba kukhwepa pachifuwa. Atelala anadziimba mlandu kuti mwina anadula mowolowa manja. Anayeza: 13 ndi theka. Anasula msoko, anachepetsa, anasokanso, ndipo linakhala bwino kuposa poyamba. Mlungu wotsatira linakhwepanso. Anayeza: 13. Anachepetsanso, n'kusuntha mabatani. Apa ndiye pamene munthu wina aliyense akanadzidzimuka, koma telala ndi telala. Chovala chikakula, amachepetsa chovala. Ankaima patali, mutu chopendeketsa, n'kumati, "Eya, tsopano lagwira thupi." Osadziwa kuti thupi lomwe likugwiridwalo likutha.

Anadzidzimuka tsiku lomwe Adona anakana buledi. Anamujompha kamodzi n'kumusiya, kenako anakakhala pakona, maso ali tsinzi, galasi lija osaliyang'ana n'komwe. Atelala anayang'ana kuseri kwa chitseko. Manambala anali atatsika ngati makwerero: 14, 13 ndi theka, 13, 12 ndi theka. Anayeza pomwepo. Tepi inati 12.

Anathira shuga wambiri m'tiyi. Anagula mabanzi. Anaphika mpunga woyera okha, poto wa akazi awo n'kupserera. Wometa anabwera ndi nzeru zake, ali ndi kabotolo m'manja. Anati iye ntchito yake ndi tsitsi, nthenga ndi tsitsi lomwe, ndipo mafuta amenewa anameretsapo tsitsi pa dazi la mphunzitsi wina lomwe linali ngati mbale. Anawapaka Adona m'khosi ndi kumchira, n'kuwavekanso jekete. Palibe nthenga inatalika. Chinasintha n'chakuti Adona ankanunkhira ngati mkwati, ndipo ulusi wonse wapansi unkawamatirira.

Lolemba m'mawa akazi awo analowa m'shopu osagogoda, akupukuta manja. Anamunyamula Adona, osapempha chilolezo, n'kulowetsa dzanja pansi pa jekete. Anapapasa pachifuwa kamodzi.

"Fupa ili mungadulire nsalu," anatero. "Bambo, nkhuku yanuyi ikutha. Ndakhala chete mokwanira. Ndikukupatsani mpaka Loweruka. Ikapitiriza kutsika, ndiidula isanafe yokha."

"Mayi! Pamaso pawo?"

"Ikumva Chichewa? Tamverani. Nkhuku yofa yokha imatayidwa. Komanso kuisiya izifa pang'onopang'ono itavala kolala, nkhanza zake ndi ziti zazikulu, zanga kapena zanu? Loweruka m'mawa muyeza ndi tepi yanuyo ine ndikuona. Ikatsika pa 12, madzi ndikhala nditatereka kale."

Atelala ankawadziwa akazi awo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu anali asanawamvepo akubwereza chinthu kawiri. Choipa kwambiri n'chakuti sankanena mwaukali. Ankanena ngati munthu amene akuuza mnzake kuti mvula ikubwera, alowetse zovala.

Lachiwiri anatseka shopu, anaika Adona m'dengu, n'kuyenda mpaka kumapeto kwa msika. Kumeneko kunali mayi wina wogulitsa mazira, yemwe kuseri kwa nyumba yake ankaweta nkhuku mazanamazana. Anali mayi wamtali, wa manja okhakhala, ndipo atatsegula dengu n'kuona kolala, anaseka mpaka anakhala pansi pa thireyi ya mazira yopanda kanthu. Koma atanyamula Adona, kuseka kunatha. Anamasula mabatani atatu aja mmodzimmodzi, anavula jeketelo, n'kuuzira mpweya pansi pa phiko.

"Bwerani muone, bambo."

Atelala anaweramira pafupi. Pakhungu pankayenda tizinthu ting'onoting'ono totuwa, tambirimbiri, tikuthawa kuwala. Mayiyo anatembenuza jekete n'kuwaonetsa m'misoko ya nsalu yofiira ija. Munali modzaza. Misoko yomwe iwo anapendera ndi dzanja, yosalala, yopanda ulusi wotuluka, inali itasanduka nyumba za nsabwe, ndipo zinkaoneka kuti zakhazikika ndi mabanja awo.

"Nsabwe izi zikumwa nkhuku yanu usana ndi usiku," anatero mayiyo. "Nkhuku imasamba ndi fumbi. Imasamba kuti imeneyi?"

Atelala anayang'ana kumbali. "Fumbi limadetsa."

"Limadetsa chiyani?"

Mayiyo anawaonetsa pamsana pa Adona, pomwe panali timinga takuda tambiri tikutuluka pakhungu. Anati timeneti ndi nthenga zatsopano, m'kati mwake mukadali magazi, ndipo tikakhudzidwa timawawa ngati chipsera chatsopano. Tina tinali topindika, tina tothyoka, ndipo pomwe pankadutsa msoko wa paphewa panali mzere wa magazi ouma. Nkhuku yosintha nthenga, anatero mayiyo, sifuna ngakhale kunyamulidwa. Nanga iyi yamangidwa mabatani mwezi wathunthu!

"Wasoka chimenechi ndani?"

Tepi inali m'khosi mwawo, choko chili kukhutu, pachifuwa pa malaya pali masingano atatu.

"Telala wina wake," anatero Atelala.

"Telalayo dzanja ali nalo, sindinaonepo kolala yotere. Koma mukamuuze kuti nkhuku inabadwa ndi telala wake m'thupi. Ndipo mafuta onunkhirawa ndi a ndani?"

"Amenewo ndi a wometa," anayankha msangamsanga, mtima uli m'malo pang'ono kuti mlandu wina wagwera kwina.

Kenako mayiyo anafunsa zomwe Adona amadya. Atamva za buledi, mabanzi, mpunga ndi tiyi wa shuga, anagwira m'chiuno. Anati nthenga sizimangidwa ndi buledi. Buledi amangodzaza mimba. Nkhuku ikamamera nthenga imafuna zakudya zomanga thupi, ndipo ikazisowa m'mbale imazitenga pa mnofu wake womwe. Ndiye Adona ankadzidya okha kuti avale. Panja akanadzipezera tizilombo ndi nyongolotsi, koma panja pake anawatsekera.

"Ndinu atelala, mumvetsa. Mwaipatsa ntchito yosoka suti yathunthu, nsalu osaipatsa. Idula kuti?"

Apo ndiye Atelala anamva. Nkhani ya magazi ndi nsabwe inawachititsa manyazi, koma iyi inawalowa bwinobwino, ndipo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera.

Mayiyo anawapatsa kapepala ka ufa wophera nsabwe n'kuwauza kathiridwe kake. Anati akasakanize mchenga wouma ndi phulusa pamalo pomwe nkhukuyo imakonda. Dengu alikhutule, zidutswa zonse azitaye. Chakudya chikhale cha nkhuku chenicheni, kuwonjezapo tinsomba touma tosinja ndi dzira lowiritsa. Pakatha milungu iwiri osasintha, apite nayo kwa dokotala wa ziweto, mwina ili ndi njoka zam'mimba.

"Dzira?" Atelala anabwerera m'mbuyo. "Adye mwana wawo?"

"Wawo uti? Akuikira? Tengani awa, ndi a nkhuku zomwe sakuzidziwa. Ndipo jeketelo mukaliwotche."

"Kuwotcha? Mayi, ubweya umenewu masiku ano sukupezeka!"

"Ndiye sankhani, bambo. Ubweya kapena nkhuku."

Anafunsa ngati pofika Loweruka Adona angakhale atanenepa. Mayiyo anapukusa mutu. Anati thupi lomwe latha mwezi wathunthu silibwerera masiku anayi. Chomwe angayembekezere n'chakuti ayambe kudya ndi kuchangamuka, basi.

Jekete analiwotcha okha masana omwewo, pa mbaula ya akazi awo. Mabatani anayamba awachotsa, poti telala sawotcha batani. Ubweya unanunkha bwalo lonse, kakolala kanapindika n'kuda, ndipo Atelala anaima pomwepo mpaka linatha. Linali jekete labwino koposa onse omwe anasoka pa ukalamba wawo, ndipo linkapha mnzawo. Zinawawawa zonse ziwiri. Wometa anasuzumira pampanda n'kudandaula kuti mwawotcha chokopa anthu cha msewu wonse. Atelala anamuuza kuti akatenge mafuta ake akapake abale ake.

Kenako anatsegula khomo lakumbuyo. Adona anaima pakhomopo kanthawi, amaliseche, minga ili mbwee, osakhulupirira. Anatsika pang'onopang'ono, akudzandira. Atafika pa mchenga ndi phulusa paja, anapalasa kamodzi, kawiri, kenako anadzigwetsa chammbali n'kuyamba kugubuduka. Fumbi linakwera mpaka pazingwe zoyanikira. Anatambasula mwendo, anatambasula phiko, anatembenuka, maso atatseka, akutulutsa kaphokoso kapansipansi komwe Atelala anali asanakamve mwezi wonse. Atadzuka anali onyansa kwambiri, ngati chiguduli chopukutira mbaula. Anadzikutumula, n'kupita molunjika pa mbale ya dzira. Za ubale sanafunse n'komwe.

Masiku otsatirawo oonerera anasiya kubwera. Nkhuku yamaliseche aliyense anaionapo. Atelala sanasamale. Munthu yemwe moyo wake wonse ankasamba m'manja asanagwire nsalu anapezeka atagwada kuseri kwa bafa, pomwe pamayenda madzi, akukumba nyongolotsi ndi supuni. Ankaika nyuzipepala pansi pa mawondo kuti thalauza lisade, ndipo nyongolotsi iliyonse ankainyamula ndi nsonga za zala, nkhope atatembenuzira kumbali. Akazi awo ankadutsa ndi beseni osanena kanthu, kupatula Lachinayi, pomwe anafunsa ngati supuniyo ibwererenso kukhitchini. Adona ankadya. Lachisanu anathamangitsa chiwala kuchokera pampanda mpaka pakhomo, n'kuchigwira. Koma fupa lapachifuwa linali lomwe lija, ndipo Atelala tepi sanayerekeze kuigwiritsa ntchito.

Loweruka m'mawa anadzutsidwa ndi phokoso la mpeni ukunoledwa pa sitepe. Pa mbaula panali poto wamkulu, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chivundikiro. Akazi awo anali atavala epuloni yawo ya kusukulu kuja. Anaika mpeni pa beseni n'kukhala pa kampando.

"Bweretsani nkhuku yanuyo."

Atelala anawanyamula Adona mosamala, dzanja lili pansi kuti asakhudze minga, n'kuwaimika pa tebulo lochapira. Anavula tepi. Anaizunguliza pachifuwa, pansi pa mapiko, n'kuyang'ana. Inali isanafike pa 12. Inkaperewera kachidutswa kakang'ono, kotalika ngati chikhadabo.

Telala aliyense poyeza chifuwa amalowetsa chala chimodzi pansi pa tepi, kuti munthu azipuma m'chovala chake. Chimenecho si chinyengo, ndi ntchito. Atelala analowetsa chala chimodzi. Kenako, akuyang'ana kumwamba ngati akuona nyengo, analowetsa chachiwiri.

"12 ndi theka," anatero, mawu akutuluka opyapyala.

"Bweretsani tepiyo."

Atelala anaiwala, kapena anafuna kuiwala, kuti masiku a mzere aja makasitomala aakazi ankayezedwa ndi mayiwa kuchipinda, iwo akungolemba manambala. Mayiwo tepi ankaidziwa ngati chikho chawo. Anaizunguliza, anaikoka bwinobwino mpaka inagwira khungu, n'kuweramira. Atelala nawo anaweramira. Nambala inali yomweyo, yoperewera chikhadabo chija, ndipo onse awiri anaiona.

Poto ankawira. Atelala anafuna kunena za mayi wa mazira, za milungu iwiri, za chiwala cha dzulo, koma zonsezo anazisiya. Chomwe chinatuluka ndi china.

"Mayi, ndinalakwitsa ndine, osati iwo. Ndinkaona ngati ndikuwathandiza." Anapuma kaye. "Mukawadula, m'shopu muja ndizikhala ndi ndani?"

Akazi awo sanawayang'ane. Anayang'ana nkhukuyo. Inali yonyansa, yaphulusa, minga ina itayamba kuphulika kunsonga n'kuonetsa tiubweya tofiirira. Diso lake linali lowala. Inapendeketsa mutu, inayang'ana mphete ya pachala cha mayiwo, n'kuijompha mwamphamvu.

"Iwe!" anatero mayiwo. Kenako, tepi ili chigwirire, analowetsa chala pansi pake. Analowetsa chachiwiri. Analowetsa chachitatu ndi chachinayi, dzanja lonse lomwe linapapasa nkhuku zosawerengeka osanama ngakhale kamodzi, mpaka Adona anadandaula.

"13," anatero. "Yanenepa."

Anawabwezera tepiyo amuna awo osawayang'anabe kumaso, anatsitsa Adona pansi, n'kutenga mpeni kukaubwezera m'kabati. Atelala anafuna kuthokoza, koma anangokhala pa sitepe, tepi ili m'manja, maso atadzaza.

"Musandilirire pamenepo," anatero mayiwo ali kukhitchini, mawu awonso asali bwino. "Madzi awira kale ndipo makala anga sapita pachabe. Tengani beseni mukasambe, mukununkha nyongolotsi. Mukatha mutsegule khomo lakumbuyolo lizikhala chitsegulire. Nanenso tiyi ndimamwa."